Mmene Alembi a Nthano za Sayansi ndi za Zozizwitsa Adadziwikira kwa Owerenga

MAWU OTSOGOLERA

Taganizirani za buku limene mudalikonda koposa mabuku onse amene mwawerengapo. Kodi mudalidziwa bwanji? Ambiri a inu muyankha kuti mnzanu ndiye adakubwerekani, kapena mphunzitsi adalitchula m'kalasi, kapenanso mudalipeza m'laibulale litang'ambika chikuto chifukwa chodutsa m'manja ambiri. Mlembi sadziwika yekha. Amadziwika chifukwa munthu wina adawerenga zimene iye adalemba, zidamugwira mtima, ndipo adakauzako mnzake.

M'chimangirizo chino tiona mbiri ya mitundu iwiri ya nthano zolembedwa: nthano za sayansi ndi nthano za zozizwitsa. Tilondola funso limodzi: kodi ndani adatulukira alembi a nthanozi, ndipo adawadziwitsa bwanji kwa anthu ena? Funsoli ndi lofunika chifukwa kwa zaka zambiri akatswiri a zolembedwa ankanyoza nthano za mitundu iwiriyi kuti n'zachibwana. Motero ntchito yosankha alembi abwino ndi kuwatchukitsa idagwera owerenga eni ake pamodzi ndi akonzi a magazini. Tionanso kuti amene ali ndi mphamvu yoyamikira mlembi alinso ndi mphamvu yomutsekera pakhomo.

MITUNDU IWIRI YA NTHANO

Nthano ya sayansi ndi nkhani yopeka imene imayamba ndi funso lakuti "Chingachitike n'chiyani ngati...?" ndipo zodabwitsa zake zimafotokozedwa ngati zotheka mwa nzeru za sayansi. Mwachitsanzo, munthu wapanga makina omupititsa ku zaka zam'tsogolo, kapena anthu asamukira ku pulaneti ina, kapena maroboti ayamba kuganiza okha. M'Chingerezi mtunduwu umatchedwa science fiction. Nthano ya zozizwitsa, imene m'Chingerezi amati fantasy, sidalira sayansi. M'nthanoyi mumakhala matsenga, mizimu, nyama zoyankhula ndi maiko amene sapezeka pa mapu. Komabe nthano yabwino ya mtunduwu imakhala ndi malamulo ake. Matsenga amakhala ndi malire, ndipo wowagwiritsa ntchito amalipirapo kanthu.

Mtundu wachiwiriwu si wachilendo kwa inu. M'nthano zamakolo Kalulu amayankhula ngati munthu, ndipo m'buku la J. W. Gwengwe la Sikusinja ndi Gwenembe mbalame ndiyo imaulula ndi nyimbo kuti Gwenembe wapha mbale wake. Kusiyana kwake n'kwakuti nthano zamakolo zilibe mwini mmodzi, pamene nthano zimene tikambe pano zili ndi mlembi wodziwika dzina, amene kawirikawiri amapeka dziko lathunthu pamodzi ndi mbiri yake, miyambo yake ngakhalenso chiyankhulo chake.

ALEMBI OYAMBIRIRA

M'chaka cha 1816 Angerezi angapo ankacheza m'nyumba ina pafupi ndi nyanja ya Geneva ku Switzerland. Mvula itawatsekera m'nyumba, mlakatuli Lord Byron adati aliyense alembe nthano yoopsa. Pagululi padali mtsikana wa zaka 18 amene masiku ano timamudziwa kuti Mary Shelley. Iye adapeka nkhani ya Victor Frankenstein, mnyamata wophunzira sayansi amene adapanga chamoyo chonga munthu, koma atachiona adachita nacho mantha n'kuchithawa. Buku la Frankenstein lidatuluka mu 1818 lopanda dzina la mlembi, ndipo ena ankaganiza kuti adalilemba ndi mwamuna wake, mlakatuli Percy Shelley. Dzina la Mary lidaoneka pa bukuli ku England mu 1823.

Mary Shelley sadadziwe kuti akuyambitsa mtundu watsopano wa nthano. Mlembi wina wa ku England, Brian Aldiss, ndiye adalimbikira m'buku lake la Billion Year Spree la mu 1973 kuti Frankenstein ndiye nthano yaitali yoyamba ya sayansi, popeza chamoyo chija chidapangidwa ndi nzeru za munthu osati matsenga. Taonani kuti padapita zaka 155 kuti wowerenga wina amupatse ulemu umenewu.

Ku France, Jules Verne adatulukiridwa ndi wosindikiza mabuku wotchedwa Pierre-Jules Hetzel, amene mu 1863 adasindikiza buku lake lodziwika m'Chingerezi kuti Five Weeks in a Balloon. Bukuli limasimba za azungu atatu ouluka pamwamba pa Africa kuchokera ku Zanzibar, ndipo limafotokoza anthu akuda monyoza monga ankachitira alembi ambiri a ku Ulaya masiku amenewo. Hetzel adapitiriza kutulutsa nthano za Verne, zina pang'onopang'ono m'magazini yake ya ana ndi makolo. Ku England, H. G. Wells adalemba The Time Machine mu 1895 ndi The War of the Worlds, limene lidatuluka ngati buku mu 1898. M'buku lachiwirili zolengedwa za ku Mars zimathira nkhondo dziko la England ndi zida zoposa za anthu. Wells adatembenuza nkhani ya utsamunda. Angerezi, amene ankalanda maiko a eni, adawaika pamalo pa olandidwa kuti amve mmene zimawawira.

TSAMBA LA MAKALATA

Kufikira nthawi imeneyi nthano zoterezi zidali zomwazikana m'mabuku ndi m'magazini osiyanasiyana, ndipo zidalibe dzina limodzi. Amene adazisonkhanitsa ndi Hugo Gernsback, mbadwa ya ku Luxembourg amene adasamukira ku America mu 1904 n'kumachita malonda a zipangizo za wailesi. Mu Epulo 1926 iye adayambitsa magazini ya Amazing Stories, yoyamba kusindikiza nthano za sayansi zokhazokha. Magazini yoyambayo idalibe nthano yatsopano ngakhale imodzi. Gernsback adangosindikizanso nthano zakale, zina mwa izo za Verne, Wells ndi Edgar Allan Poe. Kunali kuuza owerenga kuti alembi amenewa ndi a mtundu umodzi, ndipo wokonda mmodzi akondanso enawo.

Chimene chidasintha zinthu kwambiri chidali tsamba la makalata. Gernsback ankasindikiza makalata a owerenga pamodzi ndi makeyala awo. Mnyamata amene ankadziona ngati ali yekha m'tauni mwawo pokonda nthano za maulendo a kumwezi adazindikira kuti alipo ena onga iye, ndipo adayamba kulemberana nawo. M'makalatamo ankatsutsana za mlembi amene akuposa anzake, ankadzudzula zolakwika za sayansi, ndipo ankapempha mkonzi kuti awonjezere nthano za mlembi wakuti. Mu 1930 owerenga ena ku Chicago adatulutsa kamagazini kawokawo kotchedwa The Comet, ndipo timagazini tina totere tidatsatira. Mu Julayi 1939 anthu pafupifupi 200 adakumana ku New York pa msonkhano wa owerenga nthano za sayansi, woyamba mwa misonkhano imene masiku ano imatchedwa Worldcon.

Pa msonkhano wa mu 1953 ku Philadelphia padaperekedwa koyamba mphoto imene idadzatchedwa Hugo pokumbukira Gernsback. Buku loyamba kuilandira lidali The Demolished Man la Alfred Bester. Kuyambira 1955 mphotoyi yakhala ikuperekedwa chaka ndi chaka. Chosiyanitsa mphoto ya Hugo ndi mphoto zambiri za zolembedwa n'chakuti opambana sasankhidwa ndi kagulu ka akatswiri. Amene amavota ndi owerenga amene alembetsa ngati mamembala a msonkhanowo.

MPHAMVU YA MKONZI

Mmodzi mwa anyamata olemba makalata aja adali Isaac Asimov. Iye adabadwira ku Russia koma adakulira ku Brooklyn, kumene bambo ake adali ndi sitolo yogulitsa maswiti ndi magazini. Bambowo ankamuletsa kuwerenga magaziniwo ponena kuti ndi achabechabe, koma Asimov adawaonetsa imodzi imene dzina lake lidali ndi mawu akuti sayansi, ndipo adamulola poganiza kuti ndi ya maphunziro. Mu 1938, ali ndi zaka 18, Asimov adatenga nthano yake yoyamba n'kupita nayo yekha kwa John W. Campbell, mkonzi wa magazini ya Astounding. Campbell adaikana, koma adacheza naye nthawi yaitali ndipo adamulembera kalata yomufotokozera pamene padalakwika. Asimov sadagwe ulesi. Mu 1941 Campbell adasindikiza nthano yake yotchuka ya Nightfall, ndipo kuyambira 1942 adayamba kutulutsa nthano zimene zidadzapanga buku la Foundation.

Campbell adakhala mkonzi kuyambira 1937 mpaka imfa yake mu 1971. Iye ndiye adasindikiza nthano yoyamba ya Robert Heinlein mu 1939, ndiponso adatulutsa m'magawo nkhani ya Dune ya Frank Herbert. Nkhani ya Dune idakanidwa ndi makampani osindikiza mabuku oposa 20 isadalandiridwe mu 1965 ndi kampani ya Chilton, imene inkadziwika ndi mabuku ophunzitsa kukonza magalimoto.

Koma mkonzi yemweyu adalinso ndi tsankho. Samuel R. Delany, mlembi wachikuda wa ku America, adasimba kuti mu 1967 Campbell adakana nthano yake yaitali ya Nova ponena kuti owerenga sakadalandira mpangankhani wamkulu wachikuda. Bukuli lidatuluka mu 1968 kudzera kwina, ndipo likuwerengedwabe. Mu 2019 mphoto ya alembi atsopano imene inkatchedwa ndi dzina la Campbell idasinthidwa dzina kukhala Astounding Award chifukwa cha maganizo ake atsankho. Apa tikuona kuti dzanja limene lidakweza Asimov ndi lomwelo lidakankha Delany.

MWANA WA ZAKA 10 NDI BUKU LA TOLKIEN

Mbiri ya nthano za zozizwitsa nayonso ili ndi owerenga ake. J. R. R. Tolkien adabadwira ku Bloemfontein, South Africa, mu 1892, ndipo adali mphunzitsi wa ziyankhulo zakale pa yunivesite ya Oxford. Nthano ya The Hobbit adayamba kuipeka posimbira ana ake. Iye ndi anzake, kuphatikizapo C. S. Lewis, adali ndi kagulu kotchedwa Inklings kamene kankakumana n'kumawerengerana zimene aliyense walemba. Zolemba za The Hobbit zidafika ku kampani ya George Allen & Unwin kudzera mwa mayi wina amene kale adali wophunzira wa Tolkien. Mkulu wa kampaniyo, Stanley Unwin, ankakhulupirira kuti wodziwa buku la ana ndi mwana. Motero adapereka zolembazo kwa mwana wake Rayner, wa zaka 10, n'kumulipira sheleni imodzi kuti alembe maganizo ake. Mwanayo adaziyamikira, ndipo buku lidatuluka mu 1937.

Rayner yemweyo atakula n'kuyamba ntchito pa kampaniyo ndiye adalimbikira kuti asindikize The Lord of the Rings, ngakhale ankaopa kuti kampani itayapo ndalama. Bukuli lidatuluka m'magawo atatu mu 1954 ndi 1955. Kutchuka kwake kwenikweni kudabwera mu 1965, pamene kampani ya Ace ku America idalisindikiza motsika mtengo popanda chilolezo cha mlembi. Tolkien adayamba kuuza owerenga a ku America amene ankamulembera makalata kuti mabuku a Ace samupatsa kanthu, ndipo adawapempha kuti auzeko anzawo. Owerengawo adafalitsa uthengawo mpaka kampani ya Ace idamulipira n'kuleka kusindikiza bukulo. Mkanganowo udalitchukitsa, ndipo ophunzira a m'mayunivesite ankapatsirana mabuku ovomerezeka a kampani ya Ballantine.

Owerenga atamaliza mabuku a Tolkien ankafunsa kuti awerengenso chiyani. Poyankha, kampani ya Ballantine idapempha mlembi Lin Carter kuti asankhe mabuku akale oiwalika. Pakati pa 1969 ndi 1974 adasindikizanso mabuku a William Morris, George MacDonald, Lord Dunsany ndi ena, ndipo Carter ankalemba mawu oyamba ofotokoza ubwino wa mlembi aliyense. Umu ndi mmene buku la Hope Mirrlees la Lud-in-the-Mist, lolembedwa mu 1926, lidapezeranso owerenga. Paja akuluakulu adati mawu a akulu amakoma akagonera.

Zimene adachita Rayner Unwin zidachitikanso patapita zaka pafupifupi 60. Buku loyamba la Harry Potter la J. K. Rowling lidakanidwa ndi makampani 12. Kampani ya Bloomsbury idalilandira mwana wamkazi wa mkulu wake, wa zaka 8, atawerenga chiyambi chake n'kupempha zotsatira. Bukuli lidatuluka mu 1997.

AMENE ADAVUTIKA KULOWA

Kwa nthawi yaitali anthu ankaganiza kuti nthano za sayansi ndi za amuna. Alembi ena aakazi ankabisa maina awo. Catherine Moore ankalemba ngati C. L. Moore, ndipo Alice Norton ankadzitcha Andre Norton. Nkhani yophunzitsa kwambiri ndi ya James Tiptree Jr., amene nthano zake zazifupi zidayamba kutuluka mu 1968 n'kumalandira mphoto. Palibe adamuonapo ndi maso, chifukwa ankangolemba makalata. Mu 1975 mlembi wotchuka Robert Silverberg adalemba motsimikiza kuti kalembedwe ka Tiptree ndi kachimuna ndipo sangakhale mkazi. Chakumapeto kwa 1976 zidaululika kuti Tiptree adali mayi wotchedwa Alice Sheldon. Silverberg adavomera kuti adalakwitsa. Phunziro lake n'lakuti wowerenga, ngakhale wodziwa, amatha kuweruza dzina la pachikuto m'malo moweruza nkhani.

Ursula K. Le Guin adalemba A Wizard of Earthsea mu 1968 ndi The Left Hand of Darkness mu 1969, ndipo lachiwirili lidalandira mphoto ya Hugo komanso ya Nebula, imene amavota ndi alembi okhaokha. Mpangankhani wamkulu wa A Wizard of Earthsea, mnyamata wotchedwa Ged, ndi wa khungu lofiirira. Komabe osindikiza ena ankamujambula pachikuto ngati mzungu, ndipo Le Guin adadandaula nazo poyera.

Octavia E. Butler adabadwa mu 1947 ku Pasadena, California. Bambo ake, amene ankapukuta nsapato, adamwalira iye ali wamng'ono, ndipo mayi ake ankagwira ntchito m'nyumba za azungu. Ali ndi zaka 12 adaonera kanema wa sayansi wosakoma, n'kudziuza kuti iye akhoza kupeka nkhani yoposa imeneyo. Mlembi Harlan Ellison adaona luso lake ndipo adamulimbikitsa kupita ku maphunziro a alembi otchedwa Clarion mu 1970. Kwa zaka zingapo Butler ankadzuka usiku kuti alembe asadapite ku ntchito zamaganyu. Mu 1979 adatulutsa Kindred, ndipo mu 1993 Parable of the Sower, nkhani ya mtsikana wothawa kwawo m'dziko losokonezeka ndi chilala, umphawi ndi chiwawa. Butler adamwalira mu 2006. Mu 2020, pa nthawi ya mliri wa Covid-19, owerenga adayamba kuuzana kuti buku la Parable of the Sower likunena za masiku awo, ndipo lidalowa koyamba pa mndandanda wa mabuku ogulidwa kwambiri wa nyuzipepala ya New York Times, patatha zaka 14 mwiniwake atamwalira. Mu 2021 bungwe la NASA lidatcha malo amene chombo cha Perseverance chidatera ku Mars ndi dzina lake.

Zinthu zidapita zikusintha. Mu 2015 buku la Liu Cixin wa ku China, The Three-Body Problem, limene adalimasulira m'Chingerezi ndi Ken Liu, lidakhala nthano yaitali yoyamba yomasuliridwa kulandira mphoto ya Hugo. N. K. Jemisin, mayi wachikuda wa ku America, adalandira mphotoyo pa nthano yaitali zaka zitatu zotsatizana: 2016, 2017 ndi 2018.

ALEMBI A MU AFRICA

Inu amene mukuphunzira zolembedwa za m'chiyankhulo chanu muyenera kudziwa dzina la D. O. Fagunwa, mphunzitsi wa ku Nigeria. Mu 1938 iye adatulutsa nthano yaitali m'Chiyoruba yotchedwa Ogboju Ode Ninu Igbo Irunmale, yosimba za mlenje amene adalowa m'nkhalango yodzala mizimu ndi zilombo. Anthu a mtundu wa Ayoruba adalikonda kwambiri bukuli ndipo linkawerengedwa m'sukulu zawo, koma anthu a maiko ena adalidziwa patapita zaka 30, Wole Soyinka atalimasulira m'Chingerezi mu 1968 ndi dzina lakuti The Forest of a Thousand Daemons. Womasulira nayenso ndi woyamikira mlembi. Kumbukirani kuti buku la Nthondo la S. J. Nthara lidadziwika kunja T. Cullen Young atalimasulira m'Chingerezi mu 1934.

Amos Tutuola, Myoruba mnzake wa Fagunwa, adangophunzira zaka zochepa ndipo ankagwira ntchito ya umesenjala ku Lagos. Buku lake la The Palm-Wine Drinkard limasimba za munthu wokonda uchema amene adapita ku mudzi wa akufa kukafuna wantchito wake amene ankamutengera uchemawo m'mitengo. Lidasindikizidwa ku London mu 1952 ndi kampani ya Faber and Faber, ndipo mlakatuli Dylan Thomas adaliyamikira m'nyuzipepala ya The Observer. Chiyamikiro chimenechi chidalitchukitsa ku Ulaya ndi ku America. Kwawo zidali zosiyana. Anthu ambiri ophunzira a ku Nigeria adachita nalo manyazi chifukwa cha Chingerezi chake chosatsata malamulo a kusukulu, ndipo ena ankati wangotengera Fagunwa ndi nthano zamakolo. Padapita zaka kuti alembi onga Chinua Achebe aikire kumbuyo Tutuola ndi kuonetsa kuzama kwa nkhani yake. Mwambi uja wakuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo ukugwirizana ndi nkhaniyi.

M'zaka za posachedwapa alembi a mu Africa ayamba kudzipangira okha njira zodziwitsirana. Mu 2011 Lauren Beukes wa ku South Africa adalandira mphoto ya Arthur C. Clarke ndi buku la Zoo City, ndipo Nnedi Okorafor, wobadwira ku America kwa makolo a ku Nigeria, adalandira mphoto ya World Fantasy ndi buku la Who Fears Death. Mu 2012 Ivor Hartmann wa ku Zimbabwe adasonkhanitsa nthano za sayansi za alembi a mu Africa m'buku la AfroSF. Mu 2014 ku Nigeria kudayamba magazini ya pa intaneti ya Omenana. Mu 2017 bungwe la African Speculative Fiction Society lidayamba kupereka mphoto za Nommo, zimene amavota ndi mamembala ake, ndipo nthano yaitali yoyamba kupambana idali Rosewater ya Tade Thompson. Taonani kuti magazini, mabuku a nthano za alembi ambiri ndi mphoto yovota ndi njira zomwe zija zidagwira ntchito ku America pakati pa 1926 ndi 1953.

KUNO KWATHU

Namwali Serpell, wobadwira ku Lusaka, adatulutsa The Old Drift mu 2019 ndipo mu 2020 adalandira nalo mphoto ya Arthur C. Clarke. Bukuli limalondola mabanja atatu kuchokera nthawi ya atsamunda pafupi ndi mathithi a Victoria mpaka ku Zambia wam'tsogolo. Mmodzi mwa ampangankhani ake ndi munthu weniweni, Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi amene mu 1964 adalengeza kuti akuphunzitsa achinyamata a ku Zambia za ulendo wa kumwezi ndi ku Mars.

Ku Malawi, Shadreck Chikoti adalemba nthano yaitali ya Azotus the Kingdom, imene imachitika mu Africa wa zaka 500 zikubwerazo ndipo imafunsa za ufulu wa munthu. Iye adayambitsanso gulu la Story Club kuti alembi ndi owerenga azikumana, komanso adatsogolera ntchito yotulutsa buku la Imagine Africa 500, limene mkonzi wake adali Billy Kahora wa ku Kenya. M'bukuli muli nthano za Amalawi angapo, mmodzi mwa iwo Muthi Nhlema. Ekari Mbvundula naye ndi mmodzi mwa Amalawi olemba nthano za mitunduyi. Mlembi wa ku Canada, Geoff Ryman, adayendera maiko angapo a mu Africa kucheza ndi alembi otere, ndipo gawo limodzi la zimene adalemba, zotchedwa 100 African Writers of SFF, ndi la Malawi.

KUYAMIKIRA MLEMBI NDI ZIFUKWA

Mbiri imeneyi ikutisonyeza kuti mlembi aliyense amene tamutchula adafunika munthu womuwerenga n'kumutchula kwa ena: wosindikiza, mkonzi, mwana wa zaka 10, womasulira, kapena owerenga wamba olemberana makalata. Ikutisonyezanso kuti oyamikira amalakwitsa. Campbell adaweruza khungu, Silverberg adaweruza dzina, ndipo odzudzula Tutuola adaweruza galamala. Onsewa adasiya nkhani n'kuyang'ana zina.

Choncho pamene mukuyamikira mlembi, kaya kwa mnzanu kaya pa mayeso, sikokwanira kunena kuti buku lake n'lokoma. Tchulani buku limodzi, fotokozani vuto limene mpangankhani wamkulu akulimbana nalo, ndipo sonyezani mmene malo ndi nthawi zikuthandizira kutulutsa phunziro la nkhaniyo. Ngati bukulo lili ndi chofooka, chitchuleninso, monga tachitira ndi buku la Verne.

Nachi chitsanzo. Wofuna kuyamba kuwerenga nthano za sayansi ayambe ndi Binti ya Nnedi Okorafor, ya mu 2015, chifukwa ndi yaifupi ndipo vuto lake mukulidziwa. Mtsikana wa mtundu wa Ahimba a ku Namibia wapeza malo pa yunivesite ya ku pulaneti ina, ndipo achoka kwawo mozemba abale ake asakufuna. Funso la bukuli ndi lakuti kodi munthu angapite kutali kukaphunzira osataya mwambo wa kwawo? Wokonda mbiri yakale awerenge Kindred, mmene Dana, mayi wachikuda wa mu 1976, amakokedwa mobwerezabwereza kupita ku nthawi ya ukapolo kukapulumutsa mwana wa mwini akapolo, amene ndi kholo lake lomwe. Wokonda zozizwitsa awerenge A Wizard of Earthsea, mmene Ged, chifukwa cha kunyada, amamasula mthunzi woipa umene umamulondola kulikonse mpaka iye atazindikira kuti mthunziwo ndi mbali ya iye mwini.

Mukawerenga limodzi mwa mabuku amenewa, mubwerekeni mnzanu ndipo mumuuze chifukwa chake. Ndipo amene akufuna kulemba akumbukire Fagunwa, amene adapeka nkhalango yake ya mizimu m'chiyankhulo cha makolo ake, owerenga a kwawo n'kumulandira dziko lonse lisadamve za iye.

MAFUNSO OBWEREZA

1. Fotokozani kusiyana kwa nthano ya sayansi ndi nthano ya zozizwitsa, ndipo perekani chitsanzo chimodzi cha mtundu uliwonse.

2. Kodi tsamba la makalata m'magazini ya Amazing Stories lidathandiza bwanji kuti alembi adziwike?

3. Pogwiritsa ntchito nkhani ya Isaac Asimov ndi ya Samuel R. Delany, sonyezani ubwino ndi kuipa kwa mphamvu ya mkonzi.

4. Yerekezani mmene owerenga a ku Nigeria adalandirira D. O. Fagunwa ndi mmene adalandirira Amos Tutuola.

5. Sankhani buku limodzi la Chichewa limene muli zozizwitsa. Lembani ndime ziwiri zoyamikira mlembi wake kwa mnzanu amene sadaliwerengepo, ndipo mupereke zifukwa zitatu zochokera m'bukumo.